Ndege ya Mtengo Umodzi

Lolemba

...ndiye mzungu uja akungoitaya ndodo yowongolera, akuti, "Gwira iwe, wanga mkono watopa." Ine n'kuigwira. Ndege kupendekeka, Halale yense ali pansi pathu ngati mpunga woyanika pamkeka, masitima ngati abongololo, apolisi ngati nthata. Ndikuikhotetsera kumanzere, mzungu akuwomba m'manja, ndikui

Ndalekeza pomwepa. Ndimalemba kuti ana anga, akadzabadwa, adzadziwe kuti atate awo anali yani, koma mthunzi wagwera pakope. Ndi alamu anga a Yotamu, mlongo wake wa mkazi wanga Nabanda. Eni mbumba, eni nthaka, eni mpweya womwe ine mkamwini ndikupuma kugombe kuno.

Moni palibe. Akuti: "Alamu, chipika cha mbawa chija tinakoka mbumba yonse masiku awiri kuti mutisemere bwato. Lolemba likudzali amuna akuwolokera ku Mbenji kukapha utaka. Likapanda kuyandama Lamulungu lino, mkeka wanu ndi kasemasema wanu mudzazipeza panja. Ankhoswe ndawauza kale."

Mawu otsekemera! Munthu ameneyu akanakhala mbusa, kumwamba kukanapita iye yekha.

Chomwe sakudziwa n'chakuti bwatolo kulibenso. Masabata atatu ndakhala ndikulikumba, latsala pang'ono kutha. Koma Lachisanu lapitali kunadutsa chindege chija chimatera pamadzi kumwera kwa nyanja. Ine kuyang'ana kumwamba, kuyang'ana chipika, kuyang'ananso kumwamba. Mimba yake ndi yomweyi! Munthu woti ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi pabwalo la ndege ku Halale nthawi ya nkhondo, ndizisemera anthu chinthu chopalasa ndi manja? Ku Mbenji tipita, inde. Koma chapamwamba.

Zomwe ndasankha lero:

Mtengo. Ku Halale ndege zophunzirira ankazipanga ndi timatabwa topyapyala ngati minga ya usipa, n'kukutira nsalu pamwamba. Chifukwa chake n'chosabisika: kwawoko mitengo ikuluikulu kulibe. Umphawi basi. Yanga ikhala ya mtengo umodzi, yosema, yopanda cholumikiza. Chiswe chikailuma chiziguluka mano.

Mateyala. Ayi. Bwalo lotera ndilitenga kuti, mchenga wonse uli mathandala a nsomba okhaokha? Nyanja ilipo, yosalala kale, yosafuna kulambula.

Mipando. Iwiri, wanga ndi wa Nabanda. Apongozi azitionera pansi.

Dzina. Ndikuganizabe. Dzina sathamangira.

Poti anthu amakonda kufunsa zomwe ndinabwera nazo ku Halale, nazi: magalasi a woyendetsa ndege, diso limodzi losweka; tsamba long'amba m'buku, lokhala ndi chithunzi cha ndege; mpukutu wa nsalu ya melekano, womwe ndinapatsa Nabanda. Anzanga anabwera ndi njinga. Njinga! Chinthu choti ukasiya kupalasa chimagwa.

Lachiwiri

Ndaulula. M'mawa ndakwera pachipika, magalasi pamphumi, ndauza gombe lonse kuti ichi si bwato ayi.

Oluka ukonde asiya kuluka. Wina wafunsa kuti tikamakapa madzi tili m'mwamba azigwera pamudzi pa yani. Funso la munthu wosayenda.

A Yotamu azungulira chipika katatu, manja kumbuyo. Akuti: "Muitche ndege, muitche ng'ombe, muitche tchalitchi. Lamulungu iyandame."

Tsono apongozi. Mwambo sulola kuti ine ndi iwo tiyang'anizane kapena kulankhulana. Ulemu umenewo. Ndiye akafuna kundiuza kanthu amauza nkhuku zawo kuseri kwa mpanda, mokweza, kuti ndi a ku Chinguluwe omwe amve. Lero akuti: "Inu nkhuku, mapiko munabadwa nawo, koma ndi padenga pomwe simufika. Dikirani akamwini akuphunzitseni."

Nkhuku sizinayankhe. Zili mbali yanga.

Nkhani ya kulemera. Tayesa kunyamula amuna asanu ndi atatu, kwadzuka kumutu kokha, wina msana walira. Ichi ndikuvomera: ndege imafuna kupepuka. Ku Halale mchira ankaunyamula munthu mmodzi, fodya ali pakamwa. Ndiye tsiku lonse ndili m'kati ndi kasemasema. Kusema, kugogoda, kutchera khutu. Kusema, kugogoda, kutchera khutu. Malemu atate anga anandiphunzitsa kusiya mbali yochindikala zala zitatu. Ine ndikusiya chala chimodzi ndi theka. Ndikagogoda ikulira ngati ng'oma yowamba bwino. Atate akanadzuka akanandithyolera mpini pamsana, kenako n'kugogodanso okha kuti amve kukoma.

Mapiko:

Nsungwi kapena chiwale? Chiwale. N'chopepuka, ndipo kudambo chadzaza chopanda mwini.

Apansi kapena apamwamba? Apansi anyowa. Apamwamba, phiko limodzi lalitali lopingasa pamwamba pa mutu wanga, mthunzi ndapezeratu.

Osanjikiza awiriawiri ngati pachithunzi changa? Ayi. Nkhwazi ili ndi awiri okha, simunaimvepo ikudandaula.

Pomangirira ndiye pavuta pang'ono. Azungu amabowola m'mbali n'kulowetsa mabawuti. Ndaika chitsulo pamoto mpaka psuu. Ndachiyandikitsa pambali pa ndege. Dzanja likukana. Ndachibwezera pamoto, ndabweranso. Likukana. Kachitatu ndatseka maso, dzanja lapita lokha kukabowola mchenga. Kubowola dala mbali yomwe ndasema ndekha, yomwe idzakhale m'madzi? Kwathu wochita zimenezo amam'pititsa kwa asing'anga.

Ndiye ndazindikira kuti mabawuti ndi ulesi wa azungu. Ndamanga ndi luzi, kuzunguliza mimba yonse, mfundo za m'nyanja zoti ndi mvuu yomwe singamasule.

Lachitatu

Nabanda walawirira kumunda wa mpunga kukaingitsa mbalame. Ine ndabwereka melekano m'bokosi mwake. Kubwereka mwini palibe ndi kubwerekabe, bola mtima.

Sindinaidule. Ndaiyala kuchokera kunsonga ino mpaka kunsonga inayo, yakwana ndendende ngati wogulitsa ku Halale ankadziwa. Yotsala ndapinda n'kusoka ndi ulusi wa ukonde.

Zomatira. Azungu anali ndi guluu wawo wonunkha ngati chikumba chowola. Kuno kulibe. Koma kodi ulimbo unatha m'dziko? Ndaphika mphika wonse, ndapaka m'nthiti zonse za phiko, wotsala ndapakanso pamwamba kuti mphepo isapeze polowera.

Ndili m'kati mopaka, akutulukira Che Amidu, mwini chombo cha thanga chija chimabweretsa mchere kuchokera ku Chipoka. Munthu yekhayo pagombe pano amene amanditchula kuti Fundi, ndiye kuti mmisiri. Ayang'ana, akanda ndevu. Akuti: "Fundi, ine kusukulu sindinapite, koma ulimbo ntchito yake si yoletsa zouluka kuti zisauluke?"

Ndawafotokozera kuti zimenezo n'za mbalame. Iyi ndi ndege.

Koma munthuyu ndi mngelo. Ndangotchula za injini, akuti: "Wallahi ndili nayo! Ya mthuthuthu, anaisiya mzungu wa thonje. Ndimayenda nayo ulendo uliwonse, siinandikhumudwitsepo n'kamodzi komwe. Lachisanu tikatuluka kumzikiti mudzaitenge."

Injini! Ya mthuthuthu! Yosakhumudwitsa! Ndatsala pang'ono kuwapsompsona ndevu.

Chomaliza, kuumitsa nsalu. Ku Halale ankapaka mankhwala ena ake kuti nsalu ikungike, opakawo ankatuluka m'shedi akuseka okha. Ine ndaphika phala la chinangwa, lamadzimadzi, ndapaka ndi chisanza kawiri. Dzuwa lachita mbali yake. Pofika madzulo nsalu yati gwa, ukaigogoda ndi chala ikuyankha.

Ndabwerera m'mbuyo mapazi makumi awiri kuti ndione. Abale! Phiko loyera mbee pamwamba pa mbawa yofiira. Pano sindikuwonjezera kanthu. Chinthu chokongola chonchi gombe lino silinachionepo chiyambire. Oluka ukonde aja lero sanaseke. Mmodzi wavula chipewa.

Apongozi kwa nkhuku: "Chinangwa chomwe tinkachilirira chaka cha njala chija, lero akudyetsa nsalu."

Nabanda wabwera wotopa, m'bokosi sanatsegule. Mulungu amakonda oyendetsa ndege.

Lachinayi

Zomwe ndapeza paphiko m'mawa uno:

mpheta zisanu ndi ziwiri, zomatika;
njiwa imodzi;
agulugufe osawerengeka;
nkhuku yaikazi ya apongozi, miyendo yonse iwiri, ikulira ngati yaona chiwanda;
mbuzi zitatu za a Yotamu, zaimirira ndi miyendo yam'mbuyo, zikunyambita phala langa.

Yamphongo sinalekere kunyambita. Yadya ngodya yonse ya nsalu, yaikulu ngati lichero, ikundiyang'ana m'maso uku ikutafuna. Nkhope ngati mwini wake.

Komabe tiyeni tione bwino. Ndege yanga isanauluke yapha kale ndiwo. Bwato la yani linagwirapo njiwa?

Apongozi kwa nkhuku zotsala: "Mwamuona mnzanu? Wakwera ndege. Mufunseni ngati ku Halale n'kwabwino."

Kenako Nabanda. Phokoso la nkhuku ndi lomwe lamuitana. Waima, wayang'ana phiko, wayang'ana pomwe padya mbuzi. Ndimayembekeza mkuwo wofika ku Mbenji. Ayi. Walowa m'nyumba, watuluka ndi mpeni, wayamba kudula ulusi. Umodzi umodzi. Osathamanga. Ine ndili pambali ndikufotokoza za mphepo, mmene imadutsira pamwamba ndi pansi pa phiko, zinthu zoti ena amalipira kuti amve.

Akuti: "Nsaluyi ndimasungira mbereko."

Ndafunsa kuti ya mwana wa yani, poganiza kuti mwina kwa a Yotamu kuli nkhani.

Akuti: "Bambo, mukanamayang'anako pansi nthawi zina, mukanadziwa. Mwezi wachinayi uno."

Wapinda nsalu, ulimbo ndi nthenga zomwe, waisenza pamutu. Atayenda pang'ono watembenuka. "Achimwene sakuseka ayi. Mwanayu adzafuna atate ake pakhomo pano, osati nkhani zawo."

Ndakhala pachipika.

Mwezi wachinayi!

Chabwino. Mipando ikhala itatu.

Phiko latsala nthiti zokhazokha ngati chambo chodyedwa. Masaka a thonje ndi obowokabowoka. Thanga la Che Amidu sindingayerekeze. Ndiye kwandibwerera nzeru zoti ndi azungu omwe sangazipeze. Mkeka! Mbali ina ndakutira ndi mkeka wakale woyanikapo mpunga. Mbali inayo ndakutira ndi mkeka wanga, womwe uja ndinabwera nawo podzakwatira, womwe uja a Yotamu akufuna kuika panja.

Aike panja chiyani tsopano? Ayambe aumasula. Mfundo zanga zija.

Mpheta tadyera masana. Apongozi adya zitatu. Sanauze nkhuku kanthu.

Lachisanu

M'mawa, tsoka laling'ono. Ndikugogoda kumphuno, ndamva mawu ogonthera. Kuyang'ana, kamng'alu kowonda ngati tsitsi. Dzuwa la masiku atatu pamtengo wopyapyala! Ndisanaganize n'komwe, miyendo yandithamangitsa kunyanja, manja atunga madzi, ndadzaza ndege mpaka theka, ndafunditsa udzu wonyowa. Bwato latsopano timatero, kuti mtengo umwe, mng'alu utseke wokha. Ndazindikira ndatha kale mitsuko khumi.

Ndiye masiku atatu ndakhala ndikuipepula, lero ndaimwetsa madzi. Mutu wanga ndi wa ku Halale, koma manjawa sanachokepo kwa atate.

Oluka ukonde akuti: "A Payiloti, mwaganiza zonyamula nyanja yomwe, kuti musadzasowe potera?"

Nsanje.

Masana Che Amidu atuluka kumzikiti, mkanjo woyera, kumwetulira mpaka m'makutu. Anditengera pachombo chawo. Ndikuyang'ana pansi pa matumba a mchere, injini sindikuiona. Akuti: "Ili kunoko, Fundi." Apita kumphuno kwa chombo, agwira chingwe cholowa m'madzi, ayamba kukoka.

Kukoka. Kukoka. Kukoka.

Yatuluka. Yobiriwira ndi ndere, nkhono zamera ngati mphere, m'kati mwatuluka nkhanu, yandiyang'ana, yabwereramo.

Ndi nangula wawo! Zaka zisanu!

Akuti: "Ndinanama pati? Ndimayenda nayo ulendo uliwonse. Mwera uwombe bwanji, chombo sichisuntha. Mashallah, injini yokhulupirika."

Ndawathokoza. Ndawauza kuti nditaganiza mofatsa, injini ndi katundu wolemera, wonunkha, ndipo imafuna petulo wa ku boma. Akuti nawonso amaona choncho. Aibwezera m'madzi, khuvu.

Zosankha zatsopano:

Mphamvu. Mkono wanga. Zaka zonsezi ukusema mbawa, ungalephere kupukusa mphepo?

Pulopela, chija chimazungulira kumphuno. Nthawi yosema chatsopano palibe. Ndatenga nkhafi zanga ziwiri, ndazipingasa, ndamanga pamtengo wokhala ndi chogwirira ngati chija amalizira galimoto. Mtengowo ndaugoneka pamphanda, mphanda ndamangirira ndi luzi. Bowo ndi limodzi lomwe ayi.

Mchira. Malichero awiri akale, lina chogona, lina choimirira.

Mpando. Umodzi kaye, chitsa. Banja lidzakwera ulendo wachiwiri.

Dzina. Ndinafuna "Mphezi ya Halale". Gombe lasankha kale lake, "Chigwiranjiwa". Tidzaona mawa kuti lidzakhale liti.

Ndakapa madzi aja madzulo. Mng'alu watseka, sukuonekanso. Ndagogoda paliponse, ikuyimba. A Yotamu adutsa, sanayang'ane phiko, sanayang'ane malichero. Maso awo ali pamimba pokha. Akuti: "Latsala limodzi, alamu."

Kuwerenga amatha. Ndani ankadziwa?

Loweruka

Kope ndinalisiya kumtunda, n'chifukwa chake lili moyo.

M'mawa nyanja ili phee ngati mafuta m'mbale. Anthu adzaza gombe, ena achokera kumtunda ndi ana kumsana, ogulitsa zitumbuwa apezerapo msika. Onyamula ndege: amuna anayi okha! Lachiwiri asanu ndi atatu analephera. Ndawauza anthu kuti alembe zimenezo m'mitima mwawo.

Taiika pamadzi. Yakhala pamwamba penipeni ngati tsekwe, madzi akungoinyambita. Anthu, "Eee!" Ndavala magalasi, diso limodzi ndikuona nyanja, linalo ndikuona nyanja zinayi. Ndakweza dzanja. Nabanda waima patali pansi pa mtengo, manja pamimba, sanakweze lake.

Ndayamba kupukusa. Nkhafi zikuzungulira, phe phe phe. Mphepo ikubwera ndithu, yandichotsa chipewa. Ndege ikuyenda! Cham'mbuyo, koma ikuyenda! Pachithunzi paja zikuoneka kuti pulopela amaipotokola pang'ono. Bwenzi atalemba.

Anthu agwa pansi ndi phwete. Wina akukuwa: "A Payiloti, Mbenji ali uko!"

Ndiye mwera. Sunapereke moni, ngati a Yotamu. Nyanja yada bii kumwera, kenako wafika. Wagwira mikeka ija ngati thanga. Abale, liwiro! Bango ladutsa, miyala yadutsa, anthu asanduka nyerere. Malichero apita oyamba, sanatsanzike. Ine ndikukuwa kuti "Kwera! Kwera!" Mphuno yadzuka ndithu. Ndikulumbira, yadzuka.

Kenako nsonga ya phiko yamira m'funde. Ndege yapendekeka, madzi akulowa chakumanja ngati akuitanidwa. Ndadzikankhira kumanzere, nsonga inayo yamira. Mikeka yamwa madzi, ikulemera, mphepo ikukankha pamwamba, funde likukoka pansi. Pomwe ndili m'pakuya poti chingwe cha Che Amidu sichingafike. Mbawa ikagadabuka pano ndi chiphiko chakechi, siibwereranso kumtunda. Kusambira ndimatha, mwina ndikanafika. Koma ndikanafika kwa yani, wopanda chipika cha eni ake? Ndaona ndili panjira yobwerera kwathu, kasemasema paphewa, kumbuyo mwana akubadwa, akumuloza munthu wina kuti awa ndiwo atate.

Ndayesa kumasula mfundo. Mfundo zanga zija zoti ndi mvuu yomwe singamasule. Sindinaname.

Mpeni unali m'chiuno. Ndayang'ana phiko langa kamodzi. Ndadula.

Luzi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Lachinayi laduka lokha.

Ndipo lauluka! Anthu inu, lauluka! Phiko lonse, chiwale ndi mikeka yomwe, lakutumula madzi, lakwera, lazungulira kawiri, lapitirira msinkhu wa mlambe, lawongoka bwinobwino kulunjika ku Kotakota. Osapendama ndi pang'ono pomwe! Ndinanena ine kuti mapiko apamwamba ndiwo abwino. Ndaimirira kuti ndiwombe m'manja, funde landikhazika pansi.

Zotsalazo n'zamanyazi. Ndakapa madzi ndi chipewa chomwe chinagwera m'kati. Ndadula pulopela, nkhafi ina ndaika pansi, ina m'manja. Ndapalasa.

Koma ichi n'chiyani? Kupalasa kamodzi, chikuthamanga ngati muvi. Funde likabwera chikulikwera, chikutsika mbali inayo osamwa ndi dontho. Mtengo wa chala chimodzi ndi theka! Pakati panjira ndakumana ndi a Yotamu ndi amuna atatu m'bwato lobwereka, akubwera kudzatola mtembo wanga, kapena chipika chawo, sindinafunse. Ndawadutsa. Anayi, ine ndekha. Ndafika kumtunda, ndakhala pamchenga, ndawadikira.

A Yotamu atsika, madzi ali chuchuchu. Sanandiyang'ane. Agwada pambali pa ndege yanga, agogoda kumphuno, agogoda pakati, agogoda kumbuyo. Ayendetsa chikhatho mbali yonse, uku ndi uku, ngati akusisita ng'ombe yogula.

Akuti: "Simunabowole."

Ndati ayi.

Akuti: "Hm."

Chikwatirireni pamudzi pano, amenewa ndiwo mawu okoma kwambiri omwe munthuyu wandiuzapo.

Lamulungu

Ndasema bwato.

Ndalemba, ndaziona ndi maso, zikuwawabe. Masabata anayi, nzeru zonse za ku Halale, mphika wa ulimbo, chinangwa cha apongozi, ndipo chatuluka ndi bwato. Anthu akuti lotere silinaonekepo kuchokera kuno mpaka ku Chipoka. Abwera kale awiri kudzafunsa ngati ndingawasemere "la ndege". Ndawauza kuti ndiganiza. Munthu woyendetsa ndege sayankha msanga.

Zomwe zatsala:

bwato limodzi, likuyandama, ukonde wa a Yotamu uli kale m'kati;
nkhafi ziwiri;
magalasi, tsopano maso onse awiri osweka;
kasemasema, ali m'nyumba, pamalo pake;
dzina, Chigwiranjiwa. Lapambana ndi lawo.

Mkeka wanga uli panja, monga a Yotamu ananenera. Kungoti wapitirira pomwe iwo ankaganiza.

Kutchalitchi mlaliki anakamba za anthu aja anafuna kumanga nsanja yofika kumwamba. Mpingo wonse unatembenukira kwa ine. Ndinagwedeza mutu kusonyeza kuti nanenso anthu amenewo ndimawadabwa.

Titabwerako, apongozi kuseri kwa mpanda: "Inu nkhuku, kawauzeni aja a ku Halale kuti mpunga wapsa. Asadye wozizira, mawa ali ndi ulendo."

Aja a ku Halale adya mbale ziwiri.

Melekano Nabanda waichapa katatu ndi phulusa, ili pachingwe. Ulimbo wina wakana kuchoka, akuti bola, mwana sadzapulumuka kumsana. Ngodya yodya mbuzi ija akuti saisoka, adzamuonetse mwanayo akadzayamba kufunsa kuti atate ake ndi munthu wotani. Ndafunsa kuti nanga ine ndizigona pati, poti mkeka wanga uli ku Kotakota. Akuti wake ndi waukulu, bola ndisaumangirire pa kanthu.

Mawa mbandakucha ku Mbenji. Chapansi. Ndi nkhafi. Ngati wina aliyense.

Tsono iwe amene uli m'mimba, poti kopeli ndi lako, pali kanthu kamodzi koti tikonze usanaphunzire kuwerenga. Bwerera patsamba loyamba. Mzungu uja analipodi. Anatidi, "Gwira iwe." Koma ndodo yomwe anandipatsa inali ndi tsache kunsonga. Ndege ndinalowamo kambirimbiri, kukasesa, ili pansi m'shedi, ndipo tsiku lina la mvula ndinadyeramo chimanga chootcha nditakhala pampando wa woyendetsa. Halale wa pansi pathu uja ndinam'sema ndekha.

Zina zonse n'zoona. Mkeka wa atate ako unaulukadi. Ukadzakula udzafunse a ku Kotakota.